Matikiti a ku Two Oceans Aquarium: tigule kapena ndalamayo igwire ntchito ina?

Make Tadala: Abale ndithandizeni maganizo. Apongozi anga abwera kuchokera ku Monkey Bay, akhala nafe milungu itatu. Bambo a Tadala akuti Loweruka tipite nawo ku Two Oceans Aquarium, nyumba yoonetsera nsomba ndi zamoyo zina za m'nyanja, ku Waterfront kuja, kudoko la Cape Town kuno. Tilipo akuluakulu atatu ndi ana awiri, ndipo tikiti ya wamkulu yapitirira R200. Kuphatikiza basi ndi zakudya, ndi golosale wa sabata yathunthu ameneyo. Zoona munthu wobadwira m'mbali mwa nyanja akalipire kuti akaone nsomba?

Alamu a ku Dunoon: Musayerekeze, achemwali. Mayi amene waona chambo chikukokedwa m'khoka moyo wake wonse mukamuonetse nsomba ya m'galasi, yoti sangaigule ngakhale kuikazinga? Akakufunsani kuti ndiwo zonsezi zikungosambira bwanji anthu ali ndi njala. Kagulireni chitenje ndi nsapato, akakutamani mpaka kumudzi.

Make Chisomo: Alamu inu mumangoganiza za poto basi. Ine ndinapitako ndi ana ndipo sindidandaula. Za m'nyanja yamchere si za kwathu. Pali thanki yaitali yomwe muli zomera zija amati kelp, zotalika ngati mitengo, zimaweyuka uku ndi uku ngati nsungwi pamphepo, nsomba zikudutsa pakati. Ndinakhala pansi pamenepo osafuna kuchoka. Ndiye pali njira yagalasi ya mamita 10, madzi ali pamwamba pako ndi m'mbali, akamba a m'nyanja akukudutsa pamutu. Mwana wanga wamng'ono anagwira siketi yanga osaisiya.

Alamu a ku Dunoon: Kulipira kuti mwana aope?

Make Chisomo: Anaopa shaki, koma mpaka lero nkhani ndi yomweyo pakhomo. Mano ali panja ngati misomali yokhota, koma ikuyenda mwaulemu ngati gogo wopita ku tchalitchi.

Aphunzitsi: Ndilowererepo pang'ono. Dzina lakuti Two Oceans likuchokera pa nyanja ziwiri, Atlantic ndi Indian, zomwe zimakumana kummwera kwa dziko lino la South Africa, ku Cape Agulhas. Kumadzulo kuno madzi ndi ozizira chifukwa cha mafunde a Benguela, n'chifukwa chake kelp amamera bwino. Kummawa madzi ndi ofunda, ndiye kuli nsomba zamawangamawanga. M'nyumba imodzi mumaona mbali zonse ziwiri. Malowa anatsegulidwa mu 1995, ndipo samangoonetsa ayi, amasamaliranso tiakamba tomwe mafunde amatitaya kumtunda titafooka, kenako n'kutibwezera m'nyanja. Kamba wina dzina lake Yoshi anakhala pamenepo zaka 20, anamumasula mu 2017 atamuika kachipangizo komulondola, ndipo anasambira mpaka kufika kufupi ndi Australia.

Alamu a ku Dunoon: Kambayo anapita ku Australia opanda viza, ife tikuvutika ndi mapepala kuno.

Make Tadala: Kkkk alamu musandiseketse, nkhani ya ndalama iyi. Aphunzitsi, zonsezo nzabwino, koma apongozi Chingerezi sawerenga. Zikwangwani zimenezo awawerengere ndani?

Aphunzitsi: Tadala ali sitandade chani? Awawerengere agogo ake. Koma ndivomereze chimodzi: kwa munthu wa ku Monkey Bay, nsomba zing'onozing'ono zokongola sizimudabwitsa. Mbuna za pa Thumbi, ku Cape Maclear, ndi zomwe azungu amaweta m'magalasi m'nyumba zawo dziko lonse. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere. Chomwe chikawagwire mtima ndi zikuluzikuluzo, ndi jellyfish zoonekera mkati ngati pulasitiki.

Bambo a Yankho: Maganizo anga ndi ena. Ngati nkhani ndi ma penguin, mbalame za m'nyanja zosauluka zija, pitani ku Boulders Beach ku Simon's Town. Kumeneko ali pamchenga pawo, akuyenda monyang'wa ngati abwana ovala suti. Kumalipitsanso, koma a mayiko a SADC ali ndi mtengo wotsikirapo kusiyana ndi alendo akutali, bola kutenga pasipoti. Ndipo ku Waterfront komweko, ma seal, nyama za m'nyanja zija, amangogona padoko, kuwaona ndi ulere.

Make Chisomo: Ku Simon's Town nkutali, bambo a Yankho, ndiye mphepo ya kuno mukuidziwa. Ikayamba kuwomba, gogo wovala chitenje pagombe mumulakwira. Ku aquarium muli m'nyumba, pokhala palipo, ndipo ma penguin alikonso. Langizo langa, Make Tadala: idyani musananyamuke, zakudya za ku Waterfront ndi zomwe zimamaliza thumba, osati tikiti. Fikani m'mawa akangotsegula. Masukulu akatsekera kumadzaza ana, pagalasi kufikapo ndi nkhondo. Maola awiri kapena atatu akukwanirani.

Alamu a ku Dunoon: Maola awiri, R1000 yapita. Ine ndaima pomwepo.

Make Tadala: Nanga tikapanga chonchi: alowe apongozi, mwana wawo ndi Tadala yekha. Ine ndi wamng'onoyu tikhale panja tikuonera ma seal aulerewo.

Make Chisomo: Ayi achemwali, inuyo ndi amene mwakhala mu Cape Town zaka zonsezi osalowamo. Asiyeni bambo a Tadala panja ndi mwana, inu mulowe ndi apongozi.

Make Tadala: Ndawafunsa eni akewo tsopano lino, ndawaonetsa chithunzi cha shaki pafoni. Ayang'ana nthawi yaitali, kenako akuti: "Galasilo anaika ndani, ndipo ndi lolimba?" Kenako afunsa ngati tinyamuke 7 koloko kapena 8.

Alamu a ku Dunoon: Basi, ndalama yapita. Mukafunseko ngati amagulitsa mutu wa shaki, ndili ndi tomato kuno.