Vayolini ikumeza mawu a wosewera m'filimu

Wopeka nyimbo, wa ku Chilenje mu Lusaka: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndikupeka nyimbo za filimu yonena za mayi amene wayamba kukayikira zimene maso ake akuona mwamuna wake atamwalira, ndipo wotsogolera filimu akufuna zoimbira za zingwe zokhazokha. Ndalama zangokwanira oimba awiri, wa vayolini ndi wa cello (choimbira chonga vayolini koma chachikulu, cha mawu otsika). Pamene mayiyo akunong'ona yekha m'khitchini, vayolini ikumeza mawu ake, koma ndikaitsitsa, mantha onse akutha.

Wosakaniza mawu, wa ku Kabwata: Achimwene, kutsitsa sikungathandize, chifukwa mawu a munthu amamveka bwino pakati pa 2 kHz ndi 4 kHz (Hz ndi muyezo wa kukwera kwa mawu, ndipo kHz imodzi ndi ma Hz 1,000), ndipo vayolini imawala pomwepo. Gawolo lipatseni cello pa chingwe chake chotsikitsitsa cha C, chimene chili pafupi ndi 65 Hz.

Wopeka nyimbo: Zikomo akulu, koma ambiri adzaonera pa foni, ndipo sipika ya foni siitulutsa mawu otsika chotero.

Mphunzitsi wa vayolini, wa ku Woodlands: Mwaganiza bwino, mwanawe. Uzani wa cello akweche uta pafupi ndi bridge (kathabwa kochirikiza zingwe), zimene timati sul ponticello, kuti mawu apamwamba okanda khutu atuluke. Amenewo foni imawagwira ngakhale C weniweniyo atasowa. Vayolini musaichotse, koma muiveke mute, kachipangizo koika pa bridge kofewetsa mawu. Wopeka nyimbo za m'mafilimu Bernard Herrmann anagwiritsa ntchito zingwe zokhazokha m'filimu ya Psycho mu 1960, ndipo mbali yaikulu anaziimbitsa ndi mute. Ine ndikanagwira noti imodzi yaitali, kenaka mayiyo akasiya kulankhula n'kuyang'ana pakhomo, ndikanalowetsa ina yotalikirana ndi yoyamba theka la toni, kuti ziwirizo zizikhulana osagwirizana. Woonera sazindikira chimene chasintha, komabe mtima wake sukhazikika. Nyimbo yokoma yotsatirika pamenepa ingamumvetse chisoni, pamene inu mukufuna kuti nayenso akayikire.

Wosakaniza mawu: Ndikuvomereza, mayi. Mukamajambula woimba mmodzi kangapo kuti amveke ngati gulu, muzisuntha mpando wake nthawi iliyonse, ndipo ngati n'kotheka asinthe uta, apo ayi mawu amaphwanyana n'kumveka opyapyala. Musajambulenso jenereta ikulira, popeza phokoso lake limakhala m'dera lomwelo la cello ndipo kulichotsa n'kovuta.

Wopeka nyimbo: Ndamva. Ndilemba gawolo mwatsopano, vayolini izilowa mayiyo akatseka pakamwa. Kodi alipo amene akudziwa woimba kaligo muno mu Lusaka? Ndikufuna kuyesa chingwe chake chimodzicho pamene mayiyo akukumbukira kumudzi.