Mlongo wanga waitanidwa kukagona kumudzi kwa a Iban ku Borneo, mayi akukaniza, odziwa tithandizeni

Mnyamata wa ku Domwe:

Moni nonse abale. Mlongo wanga anapeza bolsa, thandizo lolipirira maphunziro, akuphunzira ku Malaysia, ndiye mnzake wa m'kalasi wamuitana kuti pa holide akayende kwawo ku Sarawak, pa chilumba cha Borneo, akuti kuli chikondwerero cha zokolola kumayambiriro kwa Juni. Mnzakeyo ndi wa mtundu wa a Iban, kwawo n'kunkhalango ndithu, kofika pa bwato, ndipo mudzi wonse umagona m'nyumba imodzi yaitali. Vuto ndi mayi. Wina kutchalitchi wawauza kuti anthu a kumeneko ndi odula mitu, ndiye chiyambire Lamulungu sakudya bwino, akungoti muuze asapite, ine ndinatumiza mwana kusukulu osati kutchire. Mtsikanayo nayenso wauma mutu akuti ndipita basi, ine ndili pakati. Alipo anafikako? Kumakhala bwanji, anyamule chiyani, nanga za mowa poti ife ndi a mpingo wa Reformada ndipo iye sanalawepo ngakhale masese?

Mkulu wa ku Moatize:

Achimwene, ine ndinagonako m'nyumba yotereyi, kumtunda kwa mtsinje wa Batang Ai, nthawi imene ndinali ku Malaysia pa maphunziro a ntchito. Mlekeni apite. Akupita ngati mlendo wa mwana wa pakhomopo, mwayi umene azungu olipira madola ku makampani a zoyendayenda saupeza.

Ulendo wake uli chonchi. Kuchoka ku Kuala Lumpur ndege mpaka Kuching, likulu la Sarawak, sikwana maola awiri, koma asaiwale pasipoti m'chikwama chachikulu, Sarawak ili ndi imigireshoni yakeyake ngakhale ili mbali ya Malaysia, amadinda pasipoti pofika. Kuchoka ku Kuching ndi galimoto maola anayi kapena asanu kulowera cha ku Sri Aman ndi Lubok Antu, kenako bwato. Bwato lake ndi lalitali, lopyapyala, injini kumbuyo, munthu umakhala pansi penipeni miyendo utatambasula, madzi ali apa m'mphepete. Poyamba mumawoloka nyanja ya damu la magetsi limene linatha kumangidwa mu 1985 n'kumiza malo a anthu ambiri, ena anasamutsidwa, kenako mtsinje umayamba kuchepa, mitengo kukumana pamwamba, ndipo pena madzi akachepa pamiyala aliyense amatsika kukankha. Kutsogolo kumaima mayi kapena mnyamata ali ndi mponda, akuloza woyendetsa pamene pali chitsa chobisika m'madzi, osayankhulana, ndi dzanja basi. Foni ndi pasipoti azimange mu pulasitiki, anyowa ndithu, ndipo ngati pali jekete yoyandamitsa avale osachita manyazi.

Nyumbayo amaitcha rumah panjai. Zakale ndi za matabwa, zoimikidwa pa mizati italiitali, pansi pake nkhuku ndi nkhumba, pokwera ndi chipika chimodzi chosema mapazi, chimaterera mvula ikagwa. Zatsopano zambiri ndi za simenti ndi malata, muli TV ndi filiji, asakadabwe akapeza zimenezo, si onse akukhala ngati pa zithunzi za pa intaneti. Koma kamangidwe n'kamodzi: khonde lalitali la m'kati lotchedwa ruai, la aliyense, ndiye m'mbali mwake zitseko zandondana, chitseko chilichonse ndi banja, chipinda chawo ndiye bilek, mophikira mwawo, chuma chawo. Kunja kuli thandala losafolera, tanju, poyanikira mpunga ndi tsabola wakuda. Akamanena kukula kwa mudzi amawerenga zitseko, nyumba ya zitseko 20, ya zitseko 30.

Zitsekozo ndiye zofunika pa nkhani ya mphatso. Afunse mnzakeyo kuti zilipo zingati. Mphatso ya mudzi imaperekedwa kwa nyakwawa yawo, tuai rumah, ndipo ine ndinaona ndi maso madzulo atayala mkeka pa ruai, amayi akugawa zimene tinabweretsa m'timilu tofanana ndendende malinga ndi zitseko, paketi ya bisiketi inatsegulidwa n'kuwerenga imodziimodzi kuti wina asapunjike, ana atazungulira ali phee kudikira. Ndiye agule zinthu zogawika, shuga, mchere, khofi, makope ndi mapensulo a ana, agulire ku Kuching kapena pa msika wa panjira. Kwa mayi a mnzakeyo ndiye apereke chapadera, kapulana ya kwathu kuno ingawasangalatse kwambiri, amayi a kumeneko amavala nsalu zomanga m'chiuno tsiku lililonse.

Chikondwererocho ndi Gawai Dayak, pa 1 Juni, koma zimayamba madzulo a pa 31 Meyi. Amakoka lichero kudutsa pa ruai ponse banja lililonse likuponyamo kanthu kosafunika, n'kukataya, akuti kuchotsa mzimu wa umbombo. Pakati pa usiku chitsulo chimalira, tuai rumah n'kutsogolera kumwa kofunirana moyo wautali, kenako gule wa ngajat mpaka kucha, ndipo mlendo amamukokera m'bwalo, palibe zothawa. Nkhuku yophikira m'nsungwi, manok pansoh, amaithira m'phako la nsungwi yaiwisi ndi zokometsera n'kutseka kukamwa ndi masamba a chinangwa, kuitsamiritsa pamoto. Imeneyo yokha ndingabwererenso.

Aphunzitsi a Historia, Ulongwe:

Za kudula mitu tisabise, zinaliko. Munthu wa kutchalitchiyo sananame, wangochedwa ndi zaka pafupifupi 100. Ankhondo a Iban ankatenga mutu wa mdani, ndipo zigaza zina zikadali zopachikika m'nyumba zakale, amazisunga mwaulemu. Mngelezi James Brooke atapatsidwa Sarawak ndi ufumu wa Brunei mu 1841, iye ndi mphwake Charles analimbana ndi mwambowo, ngakhale kuti nawonso ankagwiritsa ntchito ankhondo a Iban kumenya a Iban anzawo, zija za atsamunda. Mtsogoleri wina dzina lake Rentap anawavuta kwambiri pa phiri la Sadok mpaka 1861. Mu 1924 ku Kapit kunachitika msonkhano waukulu wa mtendere pakati pa a Iban ndi mitundu ya kumtunda monga a Kayan ndi a Kenyah. Zinadzukanso pang'ono pa nkhondo ya a Japan m'ma 1940, koma masiku ano zii. Banja la Brooke linapereka dzikolo kwa Britain mu 1946, ndipo mu 1963 linalowa mu Malaysia.

Lero a Iban ndiwo mtundu waukulu mu Sarawak, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse, ndipo ambiri ndi Akhristu, a Anglican, a Katolika, a Methodist. Ana awo ndi madokotala, asilikali, ena ali pa makina okumba mafuta panyanja.

Inu a ku Domwe mwafunsa funso lokoma. Kawafunseni mayi mwaulemu kuti Angoni a Maseko atakhazikika pansi pa phiri lanulo, nthawi ya Chikuse, Achewa oyandikana nawo ankagona tulo? Nanga lero alipo amaopa kudzagona ku Domwe chifukwa cha nthungo za agogo athu?

Shofera wa shapa ya Zobwe:

Kkkkk aphunzitsi mwalasa. Koma ine ndili mbali ya mayi pang'ono, osati za mitu ayi, za mowa. Mtsikana yekha, mudzi wonse waledzera, netiweki palibe, bwato ndi la eniake. Ngakhale kuno pa ukwati sitisiya mlongo yekha usiku. Mnzakeyo ndi mtsikana kapena mnyamata? Yambani mwafunsa zimenezo mano musanafunse za nkhalango.

Mnyamata wa ku Domwe:

Ndi mtsikana a shofera, amagona chipinda chimodzi ku hositelo, ndipo akupita atatu ndi wina wa ku Tanzania. Mukanakhala pafupi ndikanakugulirani fanta kkk, funso limenelo ndi limene malume anayamba nalo.

Mayi Nasiketi ali kutali:

Ndiye zili bwino. Ine ndiyankhe za chizimayi ndi za mowazo poti ndinakhalako ku Kuching, amuna anga ankagwira ntchito kumeneko, ndipo anzanga a kutchalitchi anali a Iban, ananditengera kwawo cha ku mtsinje wa Skrang.

Mowa wawo ndi tuak, wa mpunga, wotsekemera, umanyenga, ndipo pa Gawai khomo lililonse limafulula wake, mlendo akamadutsa aliyense akufuna alawe wa iye. Palinso wotcheza wotchedwa langkau, umenewo asayandikire n'komwe. Koma osamwa alipo ambiri, ena chifukwa cha mpingo, ndiye palibe amudabwe. Chimene sakonda ndi kukankha chinthu ndi mawu okha. Kwawo amakhulupirira kuti wokana chakudya kapena chakumwa osachikhudza amaitana tsoka, akhoza kulumidwa ndi njoka kapena kugwidwa ndi ng'ona. Ndiye akapatsidwa agwire kapuyo ndi zala n'kukhudza pamlomo, athokoze, basi nkhani yatha. Amuuziretu mnzakeyo asanafike kuti aziwayankhira akuluakulu.

Nsapato amavula pamwamba pa makwerero asanaponde mkeka. Asangolowa, adikire aitanidwe, ndipo m'bilek ya banja lina salowamo popanda mwini kunena. Asadutse pa ruai kuchoka uku kukatulukira uko osakhala pansi n'kucheza ndi munthu, amati n'zachipongwe. Podutsa pamaso pa akulu okhala pansi awerame manja atatsitsa, izi mwana woleredwa bwino kwathu kuno safunika kumuphunzitsa. Kumtsinje amayi amasamba atamanga nsalu pachifuwa, ndiye kapulana ina ikhale yake yosambira. Zithunzi apemphe kaye, makamaka agogo a mphini zojambula pamapewa ndi pakhosi, ena atopa nako kujambulidwa ngati ziboliboli. Akaona nsalu zoluka pamanja za pua kumbu zitapachikidwa asathamangire kufunsa mtengo, zina ndi za mwambo, zogulitsa amatulutsa okha. Ndipo ngati pamudzipo pagwa maliro amatha kuletsa alendo ndi zisangalalo kwa kanthawi, ulendo ukhoza kusintha mwadzidzidzi, asakhumudwe.

Tulo ndiye asayembekezere. Agalu, atambala a mpikisano omangidwa pa khonde amene sadziwa nthawi, pansi pa matabwa pakulira munthu akamayenda kumapeto kwenikweni kwa nyumba, jenereta mpaka mafuta athe. Chinsinsi mulibe m'nyumba muja, ukatsokomola chitseko cha nambala 12 chamva.

Namwino wa ku Furankungu:

Nonse mwakamba zokoma, ine ndibwere ndi zowawa. Chimene mayi ayenera kuopa ndi udzudzu. Ku Borneo kuli malungo a mtundu wina, Plasmodium knowlesi, amachokera kwa anyani a m'nkhalango kudzera mwa udzudzu, ndipo tizilombo take timachulukana m'magazi maola 24 alionse, mofulumira kuposa malungo amene tinazolowera. Ife timadzinamiza kuti tinakulira m'malungo, komatu munthu akakhala nthawi kunja chitetezo chija chimatsika. Apite kuchipatala cha pasukulu asananyamuke akafunse za mankhwala oteteza, atenge neti ndi mafuta othamangitsa udzudzu, matenda enanso a udzudzu otchedwa dengue alikonso. Akabwerako thupi likatentha, tsiku lomwelo akayezetse ndipo anene kuti anali kunkhalango ya Sarawak, asangomwa panado.

Madzi amwe owiritsa. Ngati ali ndi bala pamwendo asaviike m'madzi oima, kuli matenda obwera ndi mkodzo wa makoswe. Misundu ya kumeneko imakhala pa masamba ndi pansi ponyowa, osati m'madzi mokha, imalowa mu sokosi osamva n'kuwawa komwe, umangoona magazi. Siipha munthu, aichotse ndi chikhadabo cham'mbali n'kutsuka balalo. Buluku alowetse m'masokosi.

Mvula ya ku Kuching imafika mamilimita 4,000 pa chaka, pamene mzinda wa Tete sufika ngakhale 700. Juni ndi nthawi yochepako mvula, yambiri imagwa Novembala mpaka Febuluwale, koma kuchepa kwake n'koti imagwabe masana ambiri, zovala siziuma. Anyamule zopepuka, jinzi aisiye.

Mkulu wa ku Moatize:

Anamwino anena zoona. Ndiwonjezere kuti m'nkhalango asalowe yekha ngakhale pang'ono, mitengo ndi italiitali, dzuwa silifika pansi, ukatembenuka kawiri sudziwanso kumene wachokera. Ndi eniake ndiye kokoma, amakuthyolera ndiwo ya midin m'njira, kukuonetsa zisa za anyani akuluakulu otchedwa orangutan m'mwamba, poti nyamazi zimayala pogona patsopano madzulo alionse. Kuiona yeniyeni ndi mwayi, akafuna zotsimikizika apite ku Semenggoh, malo osamalira nyamazi pafupi ndi Kuching, pa nthawi yozidyetsa, komabe m'nyengo ya zipatso sizibwera. Komanso asaganize kuti Sarawak yonse ndi nkhalango, m'mbali mwa msewu ambiri ndi minda ya kanjedza wa mafuta, mitengo inadulidwa kalekale, ndipo nkhani ya malo a makolo ndi yowawa kwa a Iban, milandu yake imafika mpaka kukhoti. Akaiyamba akuluakulu pa ruai iye amvetsere, asaweruze.

Mnyamata wa ku Domwe:

Zikomo kwambiri nonse, ndawawerengera mayi zonse dzulo madzulo. Za aphunzitsi zija anangoseka n'kunena kuti mphunzitsi ameneyo alibe ulemu kkkk, koma za anamwino anati ndibwerezenso kawiri. Avomera, malamulo awo ndi akuti neti atenge, mowa asalawe, ndipo ayankhule ndi mayi a mnzakeyo pa vidiyo asananyamuke, sindikudziwa kuti amvana m'chinenero chanji. Ndawauzanso kuti kumeneko ali patsogolo ndi maola 6 ndipo kumtsinje netiweki imasowa, asadzayambe kulira foni ikapanda kulowa. Tsopano akakamira kuti titumize makapulana awiri ndi ufa woyera kuti akawaphikire nsima anthuwo. Alipo akudziwa munthu amene akunyamuka ku Maputo kapena ku Lilongwe kupita ku Kuala Lumpur Meyi asanathe? Makapulana okhawo, za ufa ndiwanyengerera, chimanga akagula konko.