Kodi ndigulitse masheya a Nvidia msika usanagwe?

Moni nonse m'gulu lino. Ndithandizeni maganizo, mutu waima.

Gawo lalikulu la ndalama zomwe ndinasunga lili m'masheya a Nvidia, kampani ya ku America yopanga zipangizo za AI (nzeru zopangidwa za makompyuta), zotsalazo ndinaika m'thumba la masheya lotsata mndandanda wa makampani akuluakulu a ku America wotchedwa S&P 500. Vuto ndi loti Nvidia yomweyo ndi imodzi mwa makampani akuluakulu m'thumbalo, ndiye ikagwa ndipwetekeka kawiri.

Malipoti a kampaniyi ndawerenga, phindu likuoneka ndithu. Ndafunsanso amene amandigulira masheya, angoti ndidekhe basi. Koma za pa 27 Januwale 2025 zimandidetsabe nkhawa: nkhani ya DeepSeek, kampani ya ku China yomwe inatulutsa AI yotsika mtengo, itangomveka, mtengo wa masheya a Nvidia unatsika ndi 17 peresenti tsiku limodzi. Ena akuti zikufanana ndi za mu 2000, pomwe Nasdaq, msika wa masheya wa ku America, inayamba kugwa mpaka kutsika ndi pafupifupi 78 peresenti pofika 2002, ndipo kampani ya zipangizo za intaneti ya Cisco, yomwenso inkapanga phindu, inagwa nawo. Ena akuti palibe choopa poti Microsoft, Amazon ndi Meta akugulabe zipangizo za AI. Ineyo apa mpomwe ndikukayika, chifukwa ogula akuluakuluwo ndi ochepa, mmodzi akangochepetsa zisokonekera.

Mukanakhala inu mukanatani, kugulitsa theka kapena kungozisiya? Nanga mumayang'ana chiyani kuti mudziwe kuti zayamba kuvuta?