Za ma mole zija zatheka

Zikomo nonse amene munandiyankha pa funso lija la chemistry lopeza ma mole (muyeso wa kuchuluka kwa chinthu) amene ali mu 4.9g ya H2SO4 (sulphuric acid), ine ndimangopeza ma mole 0.1 pomwe buku likuti 0.05. Ndinatsatira zimene ananena achimwene ena zoti ndiyambe ndaonanso molar mass (kulemera kwa mole imodzi m'magalamu), kani ine ndimangophatikiza 1 wa H, 32 wa S ndi 16 wa O n'kupeza 49 osalabadira timanambala tam'munsi ta mu H2SO4 tija. Ma H ndi awiri, ma O anayi, ndiye 2+32+64 ikukwana 98, kugawa 4.9 ndi 98 inatuluka 0.05 ndendende mpaka ndinadziseka ndekha. Pobwerera ku magalamu mumangochulukitsa ma mole ndi 98 yomweyo. Anzanga okonzekera MSCE musamalenso ndi mpweya wa oxygen, ndi O2 ndiye 32 osati 16, dzulo ndinakodwanso pomwepo.