Mng'oma woyambira: top bar kapena Langstroth? Ndili kwa Chimwala

Msodzi_Wakale:

Moni nonse. Ndine wa kwa Chimwala, kufupi ndi nyanja ya Malombe. Ndakhala pa ukonde kuyambira ndili mnyamata, koma chambo chinatha kale ndipo kambuzi akungotipatsa ya sopo, ndiye ndabwerera kumunda. Ndili ndi maekala awiri ndi theka: chimanga, nandolo, mango asanu ndi awiri, misangu itatu ndi bwemba mmodzi kumalire.

Chaka chatha njuchi zinalowa mu mbiya yakale ya malemu mayi anga, imene tinaivundikira kuseri kwa nkhokwe. Ine ndi mlamu wanga tinakafula usiku ndi muuni wa udzu. Uchi tinaupeza, koma wonunkha utsi, wosakanikirana ndi ana a njuchi, ndipo njuchizo sizinabwererenso. Mlamu anatupa diso masiku atatu.

Pano ndikufuna kuweta zenizeni. Kalipentala wina pa boma akuti atha kundikhomera top bar, mng'oma uja wa timatabwa pamwamba pomwe njuchi zimamangapo malesa. Mphwanga wa ku Blantyre wanditumizira zithunzi za pa Facebook za Langstroth, mng'oma wa mabokosi osanjikiza okhala ndi mafelemu mkati, akuti top bar ndi zachikale. Ndalama imene ndasunga ikukwana Langstroth mmodzi kapena top bar atatu. Nditani abale?

Che_Mdala_Namwera:

Achimwene, tengani atatuwo. Mng'oma umodzi si ulimi, ndi juga. Njuchi zathu kuno zimasamuka zikangosowa madzi kapena zikavutitsidwa, ndiye zikathawa mu umodzi mwatsala chimanjamanja.

Mphwanu muwuzeni kuti wachikale ndi Langstroth yemweyo. Mwini wake, Lorenzo Langstroth, anaulembetsa ku America mu 1852. Top bar imene tikukhoma masiku ano inakonzedwera alimi a ku Kenya cha mu 1971, poganizira njuchi za kuno ku Africa komanso thumba la mlimi wamng'ono.

Koma mverani apa, chifukwa ine ndinagwa napo. Mng'oma wonse ukhoza kupindika pang'ono, njuchi sizidandaula. Chimene sichilola masewera ndi m'lifupi mwa timatabwa ta pamwamba tija, ma bar. Kalikonse kakhale mamilimita 32. Kalipentala wanga woyamba anangoyeza ndi maso, tina 38 tina 40, ati "bwana zilowa basi". Zinalowadi. Koma zinamanga malesa mopingasa, lesa limodzi kugwira ma bar atatu. Tsiku lofula ndikati ndikweze kamodzi, zonse zinang'ambika, uchi kuyenderera pansi pa mng'oma, njuchi kumira mu uchi wawo womwe. Mupite ndi rula yanu, muyeze kamodzikamodzi musanalipire. Pakati pa bar iliyonse adule kamzere m'litali, inu muthiremo phula losungunula. Njuchi zimatsata mzere umenewo pomanga, ndipo fungo la phulalo ndi limene limaziitana. Matabwa akhale ouma, a malaina ali bwino. Mkati musapake penti.

Mayi_a_Shakira:

Bambo a kwa Chimwala, a Che Mdala anena zoona, koma iwo ali kumtunda kozizira. Ine ndili kwa Nankumba, kutentha kwathu n'kumodzi ndi kwanuko. Lesa la mu top bar limangolendewera, mulibe waya ngati la mu felemu. Mu Okutobala mng'oma wanga wina unali ndi lata pamwamba, dzuwa la masana likuwomba, malesa anayi odzadza anathothoka. Kuyambira pamenepo pamwamba pa lata ndimayala udzu wochindikala.

Musapachike pa misangu ayi. Msangu umayoyola masamba nthawi ya mvula, ndiye mthunzi wake si wa chaka chonse. Muwusiye ukhale chakudya cha njuchi, umachita maluwa pamene mitengo yambiri ilibe. Pachikani pa bwemba kapena pa mango, bola pakhale kutali ndi njira ya ana asukulu ndi pomwe mumamangirira mbuzi.

Mupachike ndi waya, msinkhu wa m'chiuno kapena pachifuwa, kuti uzigwedera. Chiuli chikapeza mng'oma wokhazikika pa thandala chimaugubuduza usiku umodzi. Pa wayapo muzipaka girisi kapena oyilo wakutha wa galimoto chifukwa cha linthumbu ndi nyerere, ndipo udzu wa pansi muzilambula. Madzi muziika pafupi m'beseni, mutaponyamo timitengo toti ziziterapo. Mukapanda kutero zipita pa mjigo, ndipo nkhani ikafika kwa amfumu.

Funso langa: oyandikana nanu amalima thonje? Mankhwala opopera aja amapha njuchi. Mukambirane nawo bwino kuti azipopera madzulo zitalowa.

Uchi_Club_Ulongwe:

Tisaunyoze Langstroth. Ife pa kalabu tili nawo, ndipo uchi umachuluka chifukwa tikapukusa pa makina timabwezera malesa omwewo, njuchi sizitaya nthawi kumanganso. Mfumukazi imakhala bokosi lapansi, uchi wa pamwamba umatuluka woyera. Vuto ndi loti makina opukusirawo ndi odula, ife tinachita kusonkherana, ndipo mafelemu amafuna kalipentala wodziwa. Munthu mmodzi woyamba kumene, ayi, ndikuvomereza. Komanso top bar imakupatsani phula lambiri, ndipo phula lili ndi ogula ake. Ambiri amalitaya akafinya uchi.

Pa ndalama yanuyo mupatule ya chofukizira utsi ndi chophimba kumaso. Kulibwino ming'oma iwiri ndi zovala kusiyana ndi itatu muli pa kabudula. Pofula muzitenga malesa okhawo amene njuchi zamata kale. Osamatawo ali ndi madzi ambiri, uchi wake umasasa m'chigubu. Za ming'oma ya makungwa musayese n'komwe, mtengo wosendedwa umauma, ndipo a zankhalango akakupezani ku Namizimu kapena ku Phirilongwe muli ndi mlandu.

Msodzi_Wakale:

Zikomo nonse. Amayi, thonje lilipo, munda wa msuweni wanga, ndikalankhula naye Lachisanu akatuluka ku mzikiti. Ndasankha top bar awiri, yotsalayo ndigule chofukizira. Chophimba kumaso akazi anga akuti asoka ndi neti yakale pa chipewa cha mlaza. Phula ndilibe, lija la mu mbiya tinataya.

Che_Mdala_Namwera:

Netiyo isakhale ya mankhwala a udzudzu, mungaphe nazo njuchi. Phula ndili nalo, ndikupatsirani kondakitala wa minibasi Loweruka, mukalandire pa depoti. Mukathira, mukhutize mkati ndi masamba a lemon grass. Rula ija musaiwale.