Kodi "milimo" imathera pati: nsichi, phaso ndi nsanamira zonse zili m'menemo?

Akuluakulu, ndithandizeni. Kwathu munthu akamati akukadula milimo, timadziwa kuti akufuna kumanga. Koma mitengoyo ikafika pamalo, dzina la milimo limazimirira. Yozika pansi mondondozana kuti ipange chipupa imasanduka nsichi, yogona kuchokera pamwamba pa chipupa kukakumana kunsonga ndi phaso, yochirikiza khonde ndi nsanamira, ndipo waukulu wapakati uja ndi mzati. Tsono funso langa ndi ili: kodi milimo ndi dzina la mitengo yokhayo, kapena luzi, nsungwi ndi udzu nazonso ndi milimo? Nanga nsanamira ya simenti tingaitche mlimo?

Yankho loyamba:
Ine ndimamanga nyumba, ndipo sindinamvepo munthu akutchula njerwa kapena simenti kuti milimo. Milimo ndi ya kutchire. Kale ankasankha muwanga pofuna nsichi chifukwa chiswe sichiulowa msanga, anzathu a kuchigwa cha Shire ankadalira tsanya, pomwe luzi ankasenda ku mombo. Lero ambiri tikugula bulugamu, koma dzina silinasinthe. Za nsanamira ya simenti, imeneyo ndi nsanamira ndithu, chifukwa dzinalo limatsata ntchito yochirikiza. Mlimo ayi, poti sunamere.

Yankho lachiwiri:
Bambo mwalasa. N'chifukwa chake masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu 2021, timati ali ndi nsanamira zitatu: ulimi, mafakitale ndi kutukula mizinda. Palibe angati ali ndi milimo itatu. Koma pa nsungwi ndikukanani pang'ono. Agogo ankaziwerengera pa milimo, makamaka zoyala mopingasa pa phaso kuti udzu ugonepo. Udzu wokha ndiwo unali pawokha, poti umamwetedwa, sudulidwa.

Wofunsa uja:
Zikomo nonse, mfundo ya kumweta ndi kudula yandigwira mtima. Chikundipweteka n'choti ana omwe akulira m'nyumba za malata sadziwa phaso, ndiye ngakhale mwambi woti mutu umodzi susenza denga saumva kukoma kwake, poti sanaonepo denga la nkhokwe likulukidwa pansi kenako amuna n'kulinyamulira pamodzi. Kwatsala luzi. Limasendedwa ku mtengo, koma silichirikiza kanthu, limangomanga. A ku Dedza ndi ku Kasungu, kwanu mumaliika pa milimo kapena ayi?