Nyemba zanga za m'ndowa zikuyoyoka maluwa, dothi nalo lauma gwa, ndithandizeni

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi vuto ndipo mtima ukundipweteka. Ndinadzala nyemba zoyanga zija za maluwa ofiira, pa paketi analemba runner beans mtundu wa Scarlet Emperor, mu ndowa zitatu za malita 20 poti malo olima ndilibe. Ndowa iliyonse ndinaika mbewu 6, kuya masentimita 5, zinamera patatha masiku 10 ndipo zinayanga bwino pa nsungwi mpaka kundipitirira msinkhu. Pano maluwa ayamba koma akungogwa, mmawa ndimapeza pansi pali psuu, chitheba olo chimodzi ayi. Dothi ndinakumba kuseri kwa nyumba osasakaniza ndi kanthu, pano lauma ngati njerwa ndipo lasiyana ndi ndowa m'mbali moti chala chimalowa, ndikathira madzi amangodutsa mmbalimo nkutuluka pansi. Ndathirako feteleza wa urea kawiri. Ndalakwitsa pati? Nanga dothi limeneli ndingadzalemonso kapena nditaye?

Yankho: Achimwene pepani, koma madzi amene mukuthirawo sakufika ku mizu. Pisani chala pakati pa ndowa muone, mupeza fumbi. Nyemba zimenezi ndi zaludzu kwambiri makamaka zikayamba maluwa, dothi likangouma tsiku limodzi zimataya maluwa kuti zipulumuke. Tengani beseni lalikulu muikemo madzi, ndowayo muikhazike mmenemo ola limodzi imwe kuchokera pansi, kenako muzithirira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, kukatentha mmawa ndi madzulo. Pamwamba phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba.

Yankho: Urea uja musiyeni kaye bambo. Nyemba zili ndi timatuza ku mizu momwe mumakhala tizilombo totenga naitrojeni mu mpweya, mukazula imodzi nkuphwanya katuzako mkati mumakhala mofiirira ngati kakugwira ntchito. Urea nayenso ndi feteleza wa naitrojeni, ndiye mukawonjezera mukulima masamba basi. Zikayamba maluwa zimafuna potashi, chakudya cha mbewu chothandiza maluwa ndi zitheba, ndipo feteleza wamadzi wa tomato amachita bwino poti amakhala naye. Ena amawaza phulusa la nkhuni poti nalo lili ndi potashi, koma mu ndowa samalani, kachikhatho kochepa kokha, likachuluka limasintha dothi ndipo mizu ilibe kothawira.

Mwini funso: Zikomo kwambiri, ndapisa chala ndipo zoonadi pakati ndi pouma. Ine ndimaona madzi akutuluka pansi nkumati zakhuta.

Yankho: Funso langa ndi lakuti njuchi zimabwera? Anthu ambiri sadziwa kuti izi ndi zosiyana ndi nyemba wamba, zinazo duwa limadzibereketsa lokha koma runner beans zimadalira njuchi kuti zitheba zigwire. Komanso kwawo ndi kumapiri a ku Mexico ndi Central America komwe kumazizirirako, ndiye usiku kukamatentha maluwa amagwa ngakhale muthirire bwanji. Ngati ndowa zili pa simenti moyang'ana dzuwa la masana zisuntheni, pulasitiki imatentha mizu imaphikika. Ndipo musapopere mankhwala nthawi ya maluwa, nsabwe zakuda zikabwera kunsonga ingozifinyani ndi zala kapena kuzitsuka ndi madzi. Ulendo wina yesani mitundu ya runner beans yotchedwa Moonlight kapena Firestorm, imeneyo imagwira zitheba ngakhale njuchi zichepe.

Yankho: Ine ndiyankhe za dothi poti ndi pomwe pagona nkhani, ndakhala ndikudzala mu zidebe zaka zingapo ndipo chaka choyamba ndinalira ngati inuyo. Dothi la pansi lili ndi nyongolotsi zolifewetsa, mizu imapita kutali kukasaka chinyezi, koma la m'ndowa limangodalira inu. Mukaika dothi lokhalokha makamaka lamakande, kuthirira kulikonse kumalitsendera mpaka mpweya kusowa. Ine ndimasakaniza dothi theka, theka linalo kompositi kapena manyowa owolerana bwino, oti ukawagwira amafumbutuka ndipo sanunkha, aawisi amawotcha mizu. Mabowo pansi akhale okwanira. Mbewu 6 mu malita 20 zachuluka achimwene, 2 kapena 3 basi, panopa dulirani pansi zofookazo ndi sizasi, osazula mungasokoneze mizu ya zinzake. Dothilo musataye ayi. Mukamaliza kukolola likhuthuleni, phwanyani zibuma, sakanizani ndi kompositi watsopano, koma mudzalemo zina monga letesi kapena tomato, nyemba zipite mu dothi lina kuopa matenda otsalira. Mukamakhuthula muonanso kuti mizu yake imatupa ngati kambatata, kumalo kosazizira kwambiri imaphukanso chaka chinacho.

Mwini funso: Ndathokoza nonse. Ndowa ziwiri ndaziviika kale, yachitatu ndi mawa poti beseni ndi limodzi. Nanga nsonga zapitirira nsungwi zikungolendewera, ndidule?

Yankho: Tsinani nsongazo, zituluka nthambi mmunsi. Zitheba zikagwira muzithyola pa masentimita 15 mpaka 20, masiku awiri kapena atatu aliwonse, mukasiya zina zikhwime mmera umasiya kutulutsa maluwa.